Gemu ya Lackson yandibweza kasanu

Mwachoma bwanji nonse.

Lelo mbale wanu Lackson, amene wadzitsekela m'nyumba chithele ntchito ku Petauke, wandipatsa foni ndiyese gemu imene wapanga yekha. Nzelu za anthu ophunzila!

M'gemumo muli kamunthu kamene kamauka Lolemba lomwelo lomwelo. Tsiku silipita patsogolo mpaka kauze wina zimene zikukavuta mumtima. Mnzake atakafunsa kuti "Uli bwanji?", ine monga munthu woleledwa bwino ndasankha "Ndili bwino." Basi, kabwelela pabedi, Lolemba m'mawa. Kasanu! Foni yakana ulemu wanga wonse.

Pobweza foni ndati, "Nanga iwe uli bwanji?" Wati, "Ndili bwino, atate." Miyezi itatu tsopano, yankho ndi lomwelo.

Inu akatswili otumiza mavesi pano, ndani akwele basi Loweluka adzakhale naye? Kapena tidikile Lolemba lina?