A Burashi ndi Nkhope ya Mwana Wawo

Mkhristu mnzathu amene tamuika m'manda mwezi uno ambirife tinkangomudziwa kuti a Burashi. Anabadwira m'banja losauka, ndipo ali mwana ankatumikira pa Misa, Misa ikatha n'kumajambula angelo ndi makala kuseri kwa tchalitchi. Atakula anayamba kulemba zikwangwani za masitolo. Zithunzi za Njira ya Mtanda m'tchalitchi mwathu anajambula ndi iwowa, osalandira kanthu. Ankati, "Dzanjali n'lobwereka, mwiniwake alipo."

Chaka chimene achinyamata anayenda mumsewu kufuna chisankho, asilikali anawawombera n'kunyamula mitembo. Mwana mmodzi yekhayo wa a Burashi anali m'gululo. Manda panalibe, kulira maliro kunaletsedwa. Iwo sanali munthu wandale, koma anaitana amayi ofedwa mmodzimmodzi, kuwafunsa za mphuno, za mpata wa m'mano, n'kujambula ana awo m'khamu lotsatira Yesu pazithunzi za m'tchalitchi zija. Wawo anati amujambula pomaliza.

Sanafikepo. Asilikali anawagwira, kuwathyola zala zakumanja, n'kuwatsekera zaka zisanu ndi chimodzi. Kunyumba asilikaliwo anatentha zithunzi zonse za mwanayo. Ndipo ife, tisabise mawu, manyazi ndi athu: tinapaka tokha penti pankhope zija poopa kutitsekera tchalitchi.

Atatuluka sanadzudzule munthu. M'mawa ankagwada pabenchi yakumbuyo, masana n'kumayesa kujambula mwana wawo pamakatoni ndi dzanja lamanzere. Zaka zinapita, olamulira ali omwe aja, nkhope ya mwanayo ikuzimiririka m'mutu mwawo. Ichi chinkawadya mtima kuposa zala, kuti angafe dziko lisanaonenso nkhope imeneyo.

Matenda atakula, bambo mfumu atawadzoza, a Burashi anauza akazi awo kuti abweretse katoni yomaliza.

"Amayi, tayang'anitsitsani. Ndi iyeyu?"

"Ndi iyeyu, abambo. Mwamupeza."

Anamwetulira, ndipo masana omwewo anatsirizika mwamtendere atagwira kolona. Atisiyira chitsanzo cha kupirira chimene ambirife sitingachithe.

Titabwerako kumanda, wapampando wa parishi anapempha mayi wamasiyeyo kuti katoniyo isungidwe m'tchalitchi. Mayiwo anapukusa mutu.

"Si iyeyu ayi. Ndinawanamiza kuti apite bwino."

"Nanga palakwika pati, mayi? Tipeza wina akonze."

Mayiwo anaiyang'ana katoniyo nthawi yaitali, misozi ili chuchuchu.

"Sindikudziwanso."