Akaputeni ndi Mahedifoni Opepuka

Bambo amene tinkawatcha Akaputeni anali ogulitsa mankhwala pa sitolo ya pangodya, moyang'anana ndi banki. Dzinali analipeza mu Meyi 2009, atalandira chiphaso choyendetsera ndege zazing'ono za mipando inayi. Ndege yawoyawo analibe. Ankabwereka ya kalabu ya oyendetsa ndege Loweruka. Koma magalasi akuda ndi jekete lachikopa anali nazo, ndipo sankazivula ngakhale pogulitsa mankhwala a chimfine.

Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali mahedifoni, aja woyendetsa ndege amavala kuti amvane ndi a pansanja yolondolera ndege pakati pa phokoso la injini. Awo anali akale, olemera, ofinya mutu ngati mbano. Mu 2014 analengeza kuti khosi lawo lavutika mokwanira, nayamba kufufuza opepuka koposa onse.

Kafukufukuyo anadya zaka. Ankabwereka mahedifoni a anzawo n'kuwayeza pa sikelo ya mankhwala, odwala ali pamzere akutsokomola. Ankafunsa ngati zophimba makutu n'zachikopa kapena zansalu, ngati kandodo ka maikolofoni kamapindika, ngati mabatire akulemera kumutu kapena kuchingwe. Kunyumba, akazi awo ankadzuka ndi magalamu, kugonanso ndi magalamu.

"Bambo," anatero mayiwo tsiku lina pa tebulo, "ngati mukufuna kuti ndege ipepuke, yambani ndi mimbayo."

"Mayi, za m'mwamba zisiyireni a m'mwamba."

Mu Ogasiti 2017 anaitanitsa kuchokera kunja opepuka kuposa onse amene anawaonapo pa chithunzi. Akale aja anawapereka kwa alamu awo, akalipentala, kuti azitsekera makutu pocheka matabwa.

Apa tiyenera kulongosola lamulo la oyendetsa ndege. Chiphaso chinkafa ngati mwini wake sanauluke ndi mphunzitsi woyesa nyengo yake isanathe. Cha Akaputeni chinkatha pa 30 Sepitembala. Iwo anakana kuyesedwa katunduyo asanafike, ndipo atafika mayeso anagwera pa tsiku lomalizalo. Anaitana mamembala onse a kalabu kuti adzaone zodabwitsa. M'chipinda chochezera, pamaso pa onse, analoza mahedifoni a kalabu opachikidwa pa msomali, omata ndi tepi, onunkha thukuta la ophunzira, nati: "Goli ilo! Tsiku limene mudzandione nditalivala, mudzandikwirire nalo."

Analowa mu ndege, namanga lamba, natulutsa chuma chawo m'kachikwama. Chingwe chake chinali ndi pulagi imodzi yonenepa. Ndegeyo inali ndi mabowo awiri olowetsamo mapulagi. Anayesa loyamba, anayesa lachiwiri, nabwerera ku loyamba.

Mphunzitsiyo, mayi wosabisa mawu, anatenga pulagiyo n'kuitembenuza.

"Akaputeni, awa ndi a helikopita. Ndege ino imafuna mapulagi awiri, ya makutu ndi ya maikolofoni. Zaka zonsezi mwakhala mukuyeza mutu, mchira osauyang'ana?"

"Koma ndi opepuka kuposa onse, aphunzitsi."

"Ee, opepuka ndithu. Ngakhale mawu mulibemo. Katengeni mahedifoni a kalabu aja tinyamuke, mitambo ikubwera."

Akaputeni anasuzumira pa windo. Pa mpanda wa bwalo la ndege panali patadzaza anthu, ena atakweza kale mafoni kuti ajambule. Kuti afike pa msomali uja anayenera kudutsa pakati pawo, kubwereranso pakati pawo ndi golilo m'manja.

"Mutu wandigwira," anatero. "Munthu wodwala sauluka. Ndi lamulo."

"Lamulo mukulidziwa. Ndiye mukudziwanso kuti mawa chiphaso mulibe."

Anamasula lamba, natsika, nayenda kupita ku galimoto atagwira chipumi. Wina pa mpanda anafuula: "Mwatera bwino, Akaputeni! Sitinamve n'kugunda komwe!"

Kuti chiphaso chidzuke anayenera kubwerera m'kalasi, kukhala benchi limodzi ndi ana a msinkhu wa adzukulu awo, ndipo zimenezo sanazilole. M'kaundula wa kalabu dzina lawo silikuonekanso kuyambira mwezi umenewo. Mu Novembala kunafika kachingwe kosinthira pulagi, kokwana m'thumba la malaya, sanakatsegule.

Sitolo anaigulitsa mu 2021. Masiku ano amakhala pakhonde, ndipo ndege ikamadutsa amaimirira, amaiyang'ana mpaka itazimiririka, n'kuuza aliyense ali pafupi kuti woyendetsayo watsika kwambiri.