Mzere wa Kondiba Umene Sunabale

Kondiba Wagh anayamba kudulira mpesa ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ine ndili pambali pake, m'minda ya eni ake kuno ku Dindori. Sukulu tonse tinalekezera kalasi yachitatu. Imvi zitayamba kumera anapeza kamunda kakekake, mizere isanu ndi umodzi ya mphesa za vinyo. Vinyoyo anamulawa kamodzi, n'kulavula.

Zaka ziwiri zapitazo, mu Okutobala, nthawi yodulira, kunabwera anthu a mafilimu ochokera ku Mumbai. Nkhani yawo inali yomwe ija: bwana wa kubanki watopa ndi ofesi, wavula tayi, wabwera kumudzi kudzalima mphesa, mtima wake wakhala pansi. Anakonda munda wa Kondiba chifukwa kuseri kwake kuli phiri. Iye anakana. Anamufewetsa ndi Sunanda, mkazi wa mwana wake.

"Mamanji, apongozi anga, tsiku limodzi lokha," anachonderera. "Makamera sadya mpesa."

Aliyense kuno amadziwa kuti mu Okutobala nthambi umaisiyira maso asanu ndi awiri, timfundo tija tophukirapo, chifukwa matsango amatuluka pa maso akunsonga. Ukadula patsinde, ngati mu Epulo, udzakolola masamba. Kondiba anamuonetsa zimenezi katatu katswiri wa filimuyo, bambo wa malaya oyera amene mayi wina ankamupaka dothi kumaso ndi kaburashi.

"Ndamva, Kaka, ndamva. Agogo anganso anali mlimi."

"Ankalima chiyani, Saheb?"

"Aa, zambirimbiri."

Ife anatikankhira kuseri kwa chingwe. Mkulu wojambulitsa, wachipewa chachikulu, anaona kudula kwa maso asanu ndi awiri kuja n'kupukusa mutu.

"Sizikuoneka zimenezo! Dulani patsinde, nthambi igwe yonse. Anthu aone kuti mukudula moyo wanu wakale!"

Bambo uja anadula. Akati tibwereze, ankasunthira pa mpesa wina. Dzuwa labisala, tibwereze. Galu wadutsa, tibwereze. Kondiba anakuwa kawiri, koma anamuuza kuti akhale chete, akusokoneza mawu. Pofika masana mzere wakuphiri unali utatsala pang'ono kutha. Apo Kondiba analumpha chingwe n'kumulanda bambo uja sizasi yodulira.

"Iwe mbuzi yovala wotchi! Moyo wako wakale ukadulire kwanu!"

Ndinaganiza kuti achita manyazi. Wachipewa uja anangodumpha ndi chimwemwe.

"Osazimitsa! Jambulani mdalayo!"

Mu Febuluwale mizere isanu inabala. Wachisanu ndi chimodzi unali masamba okhaokha, obiriwira bwino. Kondiba anauyenda wonse akutukula masamba ndi dzanja, ngakhale ankadziwa kuti sapezamo kanthu. Sunanda anamubweretsera bhakri, buledi wa mapira, ndi anyezi kumundako, n'kuima chapatali, maso pansi. Kondiba sanamudzudzule. Anadya, mu Epulo mzere uja anaudulira bwino, n'kudikira chaka china.

Filimu itafika ku Nashik tinapita kukaiona. Kondiba analimo, akukalipa, koma mawu anali a munthu wina, ndipo holo yonse inaseka. Kumapeto bwana wa kubanki anaima pakati pa matsango, akuuza alimi kuti nthaka imafuna chikondi. Tsiku lojambula lija matsangowo ndinawaona ndi maso anga akuwamangirira ndi ulusi. Anali mphesa zakudya za kumsika.

Tsopano Loweruka lililonse kumabwera magalimoto, anthu kudzajambulitsa pamzere uja. Mwezi wathawu bambo wina wamimba yake, makiyi ali m'manja, anapeza Kondiba akudulira.

"Kaka, inenso ndatopa ndi ofesi. Ndikufuna kamunda ngati kano."

Kondiba anamugwiritsa nthambi imodzi.

"Werengani maso, Saheb."

Munthuyo anaitembenuza uku ndi uku.

"Maso ake ali pati?"

Kondiba anaichotsa nthambiyo m'manja mwake mosamala, anawerenga asanu ndi awiri, n'kudula.