Seveni wa pa thanki ya ku Area 11

Boma litasamukira ku Lilongwe, ine ndinabwera pa lole imodzi ndi zipangizo zoyezera madzi. Mkazi wanga anatsala ku Zomba, ali ndi pakati, kudikira kuti amusamutse pa ntchito yake yauphunzitsi. Anandipatsa nyumba ku Area 15, ya zipinda zitatu, ine ndekha ndi mpando umodzi. Ndinkasungulumwa kwambiri.

Ntchito yanga inali kulemba malangizo a kompyuta yowerengera madzi a m'mathanki. Malangizowo tinkawalemba poboola makadi, mzere umodzi khadi limodzi. Panali mizere ina imene makina saiwerenga, yolembera munthu amene adzagwire ntchitoyo pambuyo pako. Ine, posowa wocheza naye, ndinkacheza ndi munthu ameneyo. Pa nambala iliyonse ndinkamufotokozera mbiri yonse. Pa seveni amene tinkawonjezera pa muyezo wa thanki ya ku Area 11 ndinalemba makadi asanu: mmene kachitsulo koyezera kanapindikira pa lole, mabampu a msewu, ngakhale mvula ya tsikulo.

Abwana anga, bambo wa kumpoto wosakonda zocheza, anandiuza kuti boma silinagule makadi kuti ndizilembera makalata. Zinandipweteka. Mwamakani ndinachotsa mafotokozedwe onse, n'kusiya manambala okhaokha. Ndinkati aone.

Amene anaona ndine. Mwana atabadwa ndinapempha tchuthi, koma abwana anakana. Anati palibe wina wodziwa chifukwa chake pali seveni apa, pali folo apo, ndipo kachipangizo kakasinthidwa ine kulibe, thanki idzasefukira kapena mipopi ya mabwana idzauma. Ndinadzimangirira ndekha ngati mbuzi pa chikhomo. Loweruka ndinkapita ku Old Town kukagula timalaya ta mwana wosamuona, ndikungoyerekeza msinkhu wake.

Panapita miyezi ndisanagonje, chifukwa mtima wanga ndi wouma. Tsiku lina ndinakhala pansi n'kulembera nambala iliyonse khadi limodzi lokha. Sindinanene kuti nambalayo ndi chiyani, poti aliyense akuiona. Ndinangonena chifukwa chake ndi tsiku loichotsa. Pa seveni ndinalemba kuti: kachitsulo n'kopindika, mukaika katsopano, chotsani seveniyu.

Abwana anawerenga makadiwo ataimirira.

"Izi ndiye zimafunika kuyambira kale. Pitani mukaone mwana."

Ndinafika ku Zomba masana, thumba la timalaya m'manja. Mwanayo anali akukwawa kale pa khonde. Nditatambasula manja kuti ndimunyamule, anandiyang'ana, n'kulira, n'kukabisala ku chitenje cha mayi ake. Mkazi wanga anatulutsa timalaya tija kamodzikamodzi, n'kutiyeza pa msana pa mwanayo. Palibe kamene kanamukwana.