Dzanja Limene Ananyengedwa Nalo Mkulu wa ku Biriwiri

Nditafika pa koleji ija, kufupi ndi boma la Ntcheu, ndinanama tsiku loyamba lomwelo. Mnzanga wa m'chipinda atafunsa kwathu, ndinati ku Blantyre. Zoona zake, ku Blantyre ndinangokhalako tchuthi chimodzi kwa amalume, ndipo kwathu kwenikweni ndi ku Kasinje, m'boma lomwelo. Koma atsikana anzanga anali ndi zikhadabo zopaka utoto ndi Chingerezi chotulukira m'mphuno, ndiye ine ndikanayamba bwanji kunena za nkhokwe ndi mbuzi za amayi? Ndinabisa kwathu ngati mmene umabisira chigamba cha pa siketi.

Sukuluyo inali ndi mwambo wake. Sabata yoyamba, tisanaone n'komwe bolodi, ophunzira atsopano ankatigawa m'magulu kukagwira ntchito m'dera, akuti tidziwe anthu amene tikhale pakati pawo. Ena anakasesa mumsika, ena anakakolopa kuchipatala. Gulu lathu, anthu khumi ndi awiri, lole inatitula ku Biriwiri m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ntchito yathu inali kulima mizere m'munda wa mkulu wina amene ankakhala yekha.

Tinawapeza atakhala pakhonde. Anagwira ntchito zaka zambiri kumigodi ya ku Joni, ndipo chimene anabwera nacho chokhalitsa chinali chifuwa. Akalankhula mawu asanu ankaima kaye kuti apeze mpweya. Akazi awo anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo kuyambira pamenepo munda unangogonera. Mundawo unali kumtunda kwa nyumba, kuseri kwa chitunda, kumene iwo sakanatha kukwera.

Anatipatsa moni wa m'manja mmodzimmodzi. Atafika pa ine sanasiye dzanja langa msanga. Analitembenuza, n'kupapasa ndi chala chawo chachikulu pamene mpini unandiumitsa khungu kuyambira ndili sitandade 3.

"Eya," anatero akumwetulira. "Apa mtima wanga wakhala pansi. Pali mlimi pakati panu, ana anga."

Anzanga anaseka. Nanenso ndinaseka, koposa onse, n'kunena kuti n'zochapachapa zovala. Dzanjalo ndinalibisa kumbuyo.

Titakwera kumunda, amene anatenga utsogoleri anali mnyamata wina wamtali wa ku Lilongwe, woti chilichonse amachidziwa. Mizere yakale inali itafafanizika, ndiye iye anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi, n'kulamula kuti mizere itsike molunjika kumunsi kwa phiri kuti madzi azidutsa bwino, asamadikhe. Anakoka ndi chingwe chomwe kuti ioneke yowongoka. Mphunzitsi amene anabwera nafe anali atatsikira kumsewu kukaona gulu lina.

Mwana aliyense wa kwathu amadziwa kuti pamalo otsetsereka mzere umapingasa phiri. Ukautsetsereketsa, wakumbira madzi njira yoti anyamule nthaka, mbewu ndi feteleza yemwe. Ndinazidziwa zimenezi monga mmene ndimadziwira dzina langa. Mawu anafika pakhosi, koma ndinaganiza: mtsikana wa ku Blantyre angadziwe bwanji za mizere? Andifunsa, ndipo bodza langa lithera pompano. Akuluakulu amati manyazi anapha lambe. Tsiku limenelo lambe sanafe yekha, manyaziwo anapha ndi munda wa eni ake.

Choipitsitsa n'chakuti ndinachita kulima moipa dala. Ndinagwira khasu kumapeto kwa mpini ngati likutentha, ndikudandaula za matuza amene ndinalibe. Anzanga anali osangalala, akuimba, akujambulana. Sindingawanene, iwo analima ndi mtima wonse zimene sankazidziwa. Pofika masana mizere inali itatha, yowongoka bwino kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mkulu uja anatithokoza kwambiri, n'kutipatsa nzimbe zoti tizidya pa lole.

Nkhaniyo ndinaiiwala, kapena ndinene kuti ndinaikankhira pakona. Koma mvula yoyamba yamphamvu itagwa mu Disembala, tili m'kalasi, ndinayang'ana madzi ofiira akuthamanga m'ngalande za pasukulu ndipo zimene ankaphunzitsa sindinazimvenso. Loweruka lake ndinauza mnzanga wa m'chipinda kuti ndikupita kumsika, n'kukwera minibasi ya ku Biriwiri.

Ndinayamba kumunda, ndisanafike pakhomo. Pakati pa mizere iliyonse madzi anali atakumba chigwembe, mwina chofika m'bondo. Chimanga chinamera apo ndi apo, china mizu ili pamtunda. Nthaka yakuda yonse inali itaunjikana kumunsi, m'munda wa munthu wina, ndipo chimanga cha mwini mundawo chinali chobiriwira mochititsa kaso. Ndinapsa mtima, koma panalibe woti ndimupsere kupatula ine ndemwe.

Mkulu uja anali pakhonde pomwe paja. Anandizindikira ndisanathe n'komwe kunena odi.

"Mwabwera nokha lero?"

"Ndekha, agogo."

Anandiuza pang'onopang'ono, akupumira, kuti amayi a kumpingo kwawo ndi amene anakawabzalira. Potsika anawauza kuti mizere yalimidwa motsetsereka, koma mvula inali itagwa kale, aliyense akuthamangira munda wake, ndiye anangobzala momwemo.

"Ine ndinawatsutsa," anatero. "Ndinati amayi inu musanamizire ana asukulu. Panali mlimi pamenepo, dzanja lake ndinaligwira ndekha. Tsiku lija mukutsika ndikanatuma munthu kukaona, nthawi inalipo. Koma ndinati n'kutumiranji."

Anakhosomola nthawi yaitali. Kenako anandiuza kuti Lachitatu lapitalo anakwera okha kukaona, ndipo ulendo wa pamenepo ndi apo unawatengera m'mawa wonse. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa, chifukwa mawu okalipa umatha kuwayankha mumtima.

Anatambasula dzanja, ine n'kupereka langa. Anapapasanso pamalo pomwe paja. Miyezi iwiri ya cholembera ndi mafuta odzola inali itafewetsa khungu, koma osati kwenikweni.

"Kapena ndinalakwitsa ndine, mwana wanga? Ukalambatu umanamiza."

Apa anali atanditsegulira khomo loti ndithawire, ndipo ndivomere kuti ndinaliyang'ana.

"Simunalakwitse, agogo. Kwathu ndi ku Kasinje. Ndakulira pa khasu."

"Ndiye munaona kuti akulakwitsa?"

"Ndinaona."

Dzanja langa linali likadali m'manja mwawo.

"Nanga bwanji?"

Ndinapempha khasu, ndinakwera kumunda, n'kuyamba kutchinga zigwembe zija ndi miyala ndi dothi kuti madzi azidukiza. Ndinapitanso masiku angapo a Loweruka, ndipo anzanga ena atamva nkhani yonse, ya Kasinje yomwe, anabwera nane. Za kwathuzo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaziona zachilendo, moti mnyamata wamtali uja anangoti, "Ukanangonenatu." Tinapulumutsa pang'ono, koma nthaka imene inapita sinabwerere. Chaka chimenecho nkhokwe ya mkulu uja sinafike ndi theka lomwe.

Papita zaka zambiri, ndipo manja anga anafewa kalekale. Koma ndikakhala pamsonkhano wa kuntchito, wina akukoka chingwe molunjika kumunsi kwa phiri, anthu onse akugwedeza mitu, ndimamva chala chija chikupapasa m'dzanja langa. Pamenepo ndimakweza dzanja lomwelo.