Oyilo Amene Ndinathira Ndekha

Ndinalanda munthu munda chifukwa cha cholakwa changa, ndipo mpaka lero sindinamupepese. Inu owerenga, ndikulemba kuti musadzachite zimene ndinachita ine.

Nditapuma ntchito ya ukalaliki, ndinagula galimoto yakale ya otomatiki, ija yosintha yokha magiya. Ku Zemba konse inali yokhayo, ndipo ndinkainyadira. Patapita miyezi ingapo inayamba kuvuta. Ikafika posintha giya, injini inkangolira koma liwiro osaoneka, kenako n'kudumpha ngati yagundidwa kumbuyo.

Panali bambo wina, a Zhuwawo, amene anathawa nkhondo ku Mozambique ndi mkazi wawo ndi ana anayi. Ndinali nditawabwereka munda m'mphepete mwa wanga. Kwawo ku Tete anali makaniko. Anabwera, naliza injini mpaka itatentha, nasolola chitsulo choyezera oyilo wa giyaboksi n'kununkhiza. Oyiloyo anali wochepa, wakuda, wonunkha kupserera. Anamukhetsa yense, nandiuza kuti ndikagule ku Chipata oyilo wofiira wa otomatiki ndi sefa yatsopano.

"Bwana, musathiremo wina ayi. Iyi si lole," anatero.

Mumtima ndinaseka. Munthu wa Fomu 5 kulangizidwa ndi wothawa nkhondo wopanda nsapato? M'nyumba ndinali ndi chigubu cha oyilo wa injini. M'mawa mwake ndinathira ndekha, popanda wondiona. Ndinati oyilo ndi oyilo basi.

Masiku awiri galimotoyo inayenda motsimphina. Tsiku lachitatu, pokwera chitunda cha ku Pembamoyo, inalira, kununkha chopserera, n'kuima. Giya iliyonse inakana, ngakhale yobwerera m'mbuyo. Tinaikoka ndi ng'ombe, anthu akuseka njira yonse.

Manyazi amenewo ndinawafunira wowasenza. Ndinalengeza kuti a Zhuwawo anaba zitsulo za m'giyaboksi. Iwo anabwera kudzagwada pabwalo panga, napempha kuti titsegule pamaso pa anthu tione. Ndinakana, chifukwa ndinkadziwa chimene tikanapeza. Ndinawauza achoke pamunda panga tsiku lomwelo. Chimanga chawo chinali chitakhwima, kutangotsala milungu iwiri kuti akolole. Akazi awo anapempha dengu limodzi lokha, la ana. Ndinamasula agalu. Chimangacho ndinakolola ine, ndipo tinadya.

Palibe wina amene anawapatsanso malo, pakuti ndani angasunge mbava? Malole obweza othawa nkhondo atabwera, a Zhuwawo ndi banja lawo ananyamuka ndi mphasa ndi mapoto okha.

Patapita nthawi ndinaitana makaniko wa ku Chipata. Atatsegula giyaboksi, chitsulo chilichonse chinalimo. Mbale za kalachi, zimene zimagwiritsa magiya, ndi zimene zinali zitapsa. Anapaka oyilo pachala, nandiyang'ana.

"Akulu, ndani anathira oyilo wa injini muno?"

"Mmozambiki uja," ndinayankha. Ngakhale pamenepo, munthu atapita kale, ndinanama.

Galimotoyo ikadali kuseri kwa nyumba, nkhuku zimaikiramo mazira. Akazi anga amakhulupirirabe kuti tinaberedwa. Choonadi achimva akawerenga izi.

Inu owerenga, galimoto ya otomatiki ikayamba kuchedwa kusintha giya, yambani mwaona oyilo, mtundu wake ndi fungo lake, ndipo thirani wake weniweni. Mverani wodziwa ntchito, ngakhale akhale wopanda nsapato. Koma chachikulu ndi ichi: mukalakwa, nenani kuti ndine, amene mwamunamizirayo asanawoloke malire. Ine mudzi wa a Zhuwawo sindiudziwa. Chaka chonse analima pafupi nane, sindinawafunse.