Kachitsulo ka Malemu Col

Pamgodi wina wa golide kuseri kwa tauni ya Kalgoorlie, wophulitsa miyala anali Noelene Trembath, mayi wosapsatira mawu, amene ankati malamulo ndi ndodo ya anthu aulesi poganiza. Lamulo linali lakuti aliyense wotsikira pansi apachike pabolodi kachitsulo kolembedwa dzina lake, ndipo potuluka achotse yekha. Kakatsalapo ngakhale kamodzi, kuphulitsa kulibe. Noelene ankati iye amayang'ana nkhope za otuluka, poti chitsulo chilibe ana kunyumba.

Mwamuna wake, Col, ndiye anali wa malamulo mpaka kutopetsa. Ankakangana za bolodi ngakhale akuwotcha nyama Lamlungu. Thanthwe litamugwera Col pansipo, kampani inapereka kachitsulo kake kwa Noelene, iye n'kukatsekera m'kabati ya kuchipinda. Anamusowa kwambiri mwamunayo, makamaka mikangano ija.

Tsiku lina, dzuwa likuswa mtengo, anthu anatuluka ndipo Noelene anawaona mmodzimmodzi n'kukhutira. Kenaka anacheukira pabolodi. Panalendewera kachitsulo kamodzi kadzimbiri. Kanali ka Col.

Kapitawo, Wayne Dunstan, anati imeneyo ndi nthabwala yoipa ya winawake, n'kukumbutsa Noelene mawu ake omwe, akuti lamulo analiika kuti liteteze amoyo.

"Si inu mumati tiziganiza? Wakufa safa kawiri, Noelene. Chotsani tigwire ntchito."

"Chotsa ndiwe, ngati dzina lako ndi Col."

Wayne anatambasula dzanja, koma analibweza. Awiriwo anakwera galimoto n'kutsikira mumgodi, Wayne akung'ung'udza, n'kufufuza njira zonse monga lamulo linkanenera. Kumapeto kwenikweni, pafupi ndi pamene anatchera zophulitsira, anapeza munthu wokonza mapampu wochokera ku kampani ina, galimoto itamufera, wailesi osagwira. Anali atalowa m'mawa osapachika kanthu. Noelene anali asanaionepo nkhope ya munthuyo, ndiye akanadziwa bwanji kuti yasowa?

Atabwerera kumtunda, anapeza pabolodi palibe kanthu. Aliyense anakana kuti sanakhudzepo.

Noelene anaphulitsa miyala yake n'kupita kwawo. Anaima nthawi yaitali patsogolo pa kabati ija, kiyi ali m'manja, mantha ndi chisoni zitamugwira pamodzi. Pachogwirira panali matope otuwa a pansi pa mgodi, osauma n'komwe. Sanatsegule.

"Chabwino, Col," anatero. "Wawina."